Dramu, mbaula ndi dimba: zimene Lusaka wakale anali kudziwa za masiku oipa

Mu September 2024, ife a ku Makeni tinaphunzira kumvetsera mapampu. Malaiti anali kubwera pakati pa usiku, ndipo ambiri tinali kudziwira pa kulira kwa pampu ya borehole kwa aneba, babu isanatidzutse n'komwe. Ikalira, nyumba yonse inali kudzuka: wina ku mafoni, wina ku nsimbi, wina kukatsegula pompi kuti zigubu zidzale. Pakapita maola atatu, zii. Tsiku lonse lotsatira linali kudalira zimene munakwanitsa kuchita m'maola atatu amenewo.

Pa wailesi ya m'dera imene timathandizako, mafoni anali kubwera ambiri masiku amenewo, malinga ngati jenereta ili ndi mafuta. Tinaona chinthu chimodzi. Achinyamata anzathu anali kuimba ali okwiya ndi amantha: nyama yaola mu firiji, saluni yaima, madzi kulibe. Achikulire nawonso anali kudandaula, koma mau awo anali odekha. Tikafunsitsa, tinali kupeza kuti ambiri ali ndi dramu lodzala kuseri kwa nyumba, saka la malasha, ndi ndiwo zouma m'chitini. Sanali ndi ndalama kutiposa ife. Anali atapitamo kale m'masiku otere. Ife amene tinabadwa cha m'ma 1990 tinangomvako mbiri yake, ndipo ndi mbiri imeneyo imene tifuna kuikumba lero.

Inayamba Zambia ali ndi chaka chimodzi chabe cha ufulu. Pa 11 November 1965, Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yayamba kudzilamulira popanda chilolezo cha Britain. Dziko lathu lilibe doko, ndipo panthawiyo pafupifupi katundu yense anali kudzera kum'mwera, kuphatikizapo mafuta a galimoto. Mu December chaka chomwecho mafutawo analeka kubwera. Anayamba kufika ndi ndeke za Britain, Canada ndi America, komanso m'madramu pa malole ochokera ku Dar es Salaam kudzera mu Great North Road, mseu umene madalaivala anautcha Hell Run chifukwa cha matope ndi ngozi. Petulo anali kugulidwa mopima. Boma linayankha ndi nchito zikuluzikulu: paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inatha mu 1968, ndipo njanji ya TAZARA inatha kumangidwa mu 1975.

Zimenezi zinathandiza dziko, koma m'khichini mavuto anali asanafike pachimake. Pa 9 January 1973 Smith anatseka malire. Atafuna kuwatsegulanso, a Kaunda anakana, ndipo njira ya njanji ya kum'mwera inakhala yotseka mpaka October 1978. Pakati pa zaka zimenezo mtengo wa kopa, amene anali kutibweretsera pafupifupi ndalama zonse zakunja, unagwa mu 1975. Apa ndi pamene mizere inayamba. Makolo athu amaitchula mashopu a boma ndi maina mpaka lero: ZCBC, Mwaiseni, NIEC Stores. Sopo, saladi, shuga, mchere, buledi, nthawi zina ngakhale unga, zinali kuoneka tsiku limodzi n'kusowa masabata. Munthu anali kuima pa mzere mu Cairo Road asanadziwe chimene chikugulitsidwa kutsogolo, n'kumafunsa ali kale pamzerepo. Ndalama m'thumba zinalipo, chogula n'chimene chinalibe.

Nanga mabanja anakhala bwanji zaka zoposa khumi m'moyo wotere? Choyamba linali dimba. Nyumba za kanselo ku Kabwata, Chilenje, Libala, Matero ndi Chelstone zinali ndi yadi, ndipo kuseri kwake kunali repu, chibwabwa, kalembula, matimati, mtengo wa mango kapena wa kotapela, ndi khola la nkhuku. Mvula ikagwa, malo alionse opanda nyumba, m'mbali mwa mseu, pansi pa mawaya a magetsi, m'madambo, anali kusanduka minda ya chimanga, nshawa ndi kandolo. Kanselo sinali kukondwa nazo. Zaka zina inali kutumiza anthu ndi zikwakwa kukatchetcha chimanga chisanakhwime, ati chimabisa akawalala ndi kuswetsa udzudzu. Azimai anali kubzalanso chaka chotsatira. Wofufuza wina, Bishwapriya Sanyal, atayenda m'makomboni a Lusaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, anapeza kuti pafupifupi theka la mabanja osauka anali kulima penapake. Dimba silinali kudyetsa banja chaka chonse, koma linali kuchotsa ndiwo pa bajeti, ndipo ndalama yotsalayo inali kupita ku unga.

Chachiwiri kunali kumudzi. Munthu wa mu Lusaka anali ndi phazi limodzi ku Petauke, ku Katete, ku Mumbwa kapena ku Monze. Basi ya UBZ ikafika kuchokera kum'mawa, pamwamba pake panali masaka a nshawa, nyemba, chimanga ndi mfutso. Pobwerera inali kunyamula sopo, mchere, chitenje cha ambuya ndi kandalama ka feteleza. Ana anali kutumizidwa kumudzi pa holide, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kugwira khasu ndi kufutsa masamba. Nkhokwe ya kumudzi inali ngati ya banja lonse, kuphatikizapo a m'tauni. Kuchokera pamenepa panabadwa chizolowezi chosunga. Chinthu chikapezeka, amai anali kugula ziwiri, chimodzi n'kubisa pansi pa bedi. Kapenta, nyemba ndi masamba ouma sizifuna firiji. Dramu linali kudzazidwa madzi akadali kutuluka pa pompi, osadikira kuti aleke.

Chachitatu, chimene timachiiwala msanga, anali aneba. Kunalibe WhatsApp, koma shuga ikafika ku ZCBC komboni yonse inali kudziwa dzuwa lisanakwere. Mai mmodzi anali kuima pa mzere wa saladi, mnzake pa wa sopo, madzulo n'kugawana. Mwana anali kutumidwa ndi kapu kukapempha unga, kapena ndi chidutswa cha lata kukapala moto, ndipo palibe amene anali kuchita nazo manyazi chifukwa mawa mbale inali kubwerera njira yomweyo. Chilimba cha azimai chinali kulipira fizi ndi kugula bokosi la maliro. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, ndipo m'zaka zimenezo mwambiwu unali ndondomeko ya tsiku ndi tsiku.

Boma nalo linali kulalikira kudzidalira. Kuyambira 1975 masukulu anauzidwa kukhala ndi ma production unit, kotero ana a sukulu anali kulima ndi kuweta nkhuku kapena akalulu. Omaliza Form 5 anali kupita ku Zambia National Service kukaphunzira mfuti ndi khasu. Cha m'ma 1980 kunabwera pulogalamu ya Lima, imene inatisiyira muyeso umene tikali kugwiritsa nchito: lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, gawo limodzi mwa anai a hekitala. Kuno ku Makeni, panthawiyo kunali mapuloti aakulu a maekala angapo kunja kwa tauni, ndipo mazira, mkaka, nkhuku ndi ndiwo zochokera kuno zinali kudyetsa misika ya mu Lusaka. Makeni Ecumenical Centre, imene inayamba mu 1971, inali kuphunzitsa anthu osowa nchito ulimi ndi nchito zamanja, ena n'kuwapezera malo okakhala ndi kulima.

Panalinso nkhondo, ndipo achinyamata ambiri sadziwa kuti inafika pakhomo pathu penipeni. Chifukwa chosunga omenyera ufulu a maiko oyandikana nafe, Lusaka anali pa chandamale. Mu 1977 boma linalamula kuti nyale zizizimitsidwa usiku ndipo anthu asamayende, poopa ndeke za adani. Pa 19 October 1978 ndeke za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa mzinda, n'kupha anthu mazana. Mu April 1979 asilikali a Rhodesia analowa mumzinda ndi magalimoto n'kuphwanya nyumba ya Joshua Nkomo pafupi ndi State House. Ndipo pa 19 May 1986 ndeke za South Africa zinaponya mabomba pa msasa wa othawa kwawo kuno ku Makeni, tsiku lomwelo limene anaukiranso Harare ndi Gaborone. Anati akufuna ANC. Anthu awiri anafa, ena anavulala. Anthu amene anakula m'masiku amenewo anazolowera zinthu zing'onozing'ono: wailesi ya mabatire siisowa m'nyumba, mwana aliyense adziwe kwa aneba kumene angathawire, koloboi ndi machisi zikhale pamalo amene dzanja lingazipeze mumdima.

Tisanamizane kuti masiku amenewo anali okoma. Kudzidalira kuli ndi polekezera, ndipo mbiri yomweyi imatisonyeza pamene panali. Mu December 1986 mtengo wa breakfast unakwera kuposa kawiri, ndipo ku Copperbelt kunabuka zipolowe zimene zinapha anthu 15. A Kaunda anabweza mtengo, boma n'kutenga zigayo zikuluzikulu. Mu 1989 kunabwera makuponi a unga. Mu June 1990 mtengo unakweranso kawiri, ana a sukulu a pa UNZA anayamba kuguba, makomboni anatsatira, mashopu anaswedwa, ndipo anthu opitirira 20 anafa m'masiku ochepa. Pa 30 June, Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma, ngakhale kuti zinatha m'maola ochepa. Anthu amene anatuluka m'miseu anali omwe aja a madimba ndi zilimba. Anali atachita zonse zimene banja lingachite, koma chibwabwa cha kuseri kwa nyumba sichingalowe m'malo mwa saka la unga. Munthu akamatiuza kuti tidzidalire, tikumbukire kuti pali gawo la nyumba ndi gawo la boma, ndipo lina silichotsa linzake.

Boma latsopano la a Chiluba litangolowa kumapeto kwa 1991, chilala choopsa cha 1992 chinapha mbeu kum'mwera konse kwa Africa. Nkhokwe za kumudzi zinauma, kotero ngakhale basi yochokera kum'mawa inabwera yopanda masaka. Anthu anapulumuka ndi chimanga chachikasu chochokera kunja, chimene akuluakulu amachikumbukira ndi fungo lake. Chilalacho chinasiya mabungwe awiri amene tikali nawo: Disaster Management and Mitigation Unit, imene inakhazikitsidwa mu 1994 pansi pa ofesi ya wachiwiri kwa pulezidenti, ndi Food Reserve Agency, imene lamulo lake linapangidwa mu 1995 kuti dziko likhale ndi nkhokwe yake.

Kenako mashopu anadzala. Shoprite inatsegula mu Cairo Road mu 1995, mizere inatha, ndipo palibe amene anailira. Koma pamodzi ndi mizereyo tinataya zina mosazindikira. Mu 1996 nyumba za kanselo zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo pamene nchito zinali kutha m'makampani, njira yachidule yopezera ndalama inali kumanga tuzipinda tochita lendi kuseri. Pamene panali repu panabwera zitseko zitatu. Mzinda umene unali ndi anthu pafupifupi 260,000 mu 1969 unapitirira 2 miliyoni pofika kalembera wa 2022. Mapuloti a ku Makeni akudulidwadulidwa, mpanda wa mabuloko ukukwera pamene panali khola la ng'ombe, ndipo yadi yabwino masiku ano ndi ya mapeva. Ambiri a ife kumudzi tinapitako komaliza pa maliro a ambuya. Timagula pamela ndi tusaladi twa m'pulasitiki pa kantemba tsiku ndi tsiku, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa ndalama imabwera motero. Aneba timawadziwa ndi mtundu wa geti.

Chimene sichinasinthe ndi nthaka imene tikhalapo. Kum'mwera ndi kumadzulo kwa Lusaka, kuchokera ku Kanyama, John Laing, Chawama mpaka kuno ku Makeni, pansi pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mphako. Malo ndi athyathyathya, madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikachuluka alibe kopita. Kanyama anamira mu 1978, ndipo mu 2010 mabanja a m'makomboni osefukira anakagona m'matenti ku Independence Stadium. Ming'alu yomweyo imanyamula zonyansa za m'zimbudzi zokumba kupita nazo m'zitsime zosazama. Kolera imene inayamba mu October 2017 inadwalitsa anthu opitirira 5,000 ndi kupha opitirira 100. Imene inayamba mu October 2023 inadwalitsa opitirira 20,000 ndi kupha opitirira 700, National Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndipo masukulu sanatsegule mpaka February 2024. Ambiri mwa amene anafa anafera kunyumba kapena pa njira, asanafike kwa anesi. Pamenepa ndi pamene zimene nyumba ikudziwa pa ola loyamba zimalekanitsa moyo ndi imfa.

Kolera isanathe, pa 29 February 2024 a Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Pa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga amene anabzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo popeza magetsi athu ambiri amachokera ku madzi, malaiti anatsatira. Apa tinaona mmene zinthu zathu zonse zapachikidwira pa waya umodzi. Madzi a mu tauni amapopedwa ndi magetsi kuchokera ku mtsinje wa Kafue ndi m'ma borehole. Sitovu, firiji, chigayo, netiweki ya foni ndi mobile money, zonse zimadikira waya womwewo. Nyumba ya mpanda wautali yokhala ndi borehole yake inauma tanki itatha, mofanana ndi kachipinda ka lendi. Amene anali ndi sola anapuma, koma ndi angati a ife amene tingaigule?

Ndiye tikatenga chiyani kwa makolo athu, ife okhala m'chipinda chimodzi kapena ziwiri? Tiyambe ndi madzi. Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera malita 15 pa munthu pa tsiku, akumwa, ophikira ndi osamba pang'ono. Banja la anthu 6 lifuna malita 90, kotero dramu la malita 210 ndi la masiku awiri ndi pang'ono, ndipo chigubu cha malita 20 ndi cha munthu mmodzi tsiku limodzi. Akumwa akhale m'chigubu chawochawo chotseka, owiritsidwa kapena othiridwa klorini. Munthu akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, sakanizani lita imodzi ya madzi abwino, timasupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere, azimwa muli pa njira yopita ku kiliniki. Osadikira kuti kuche.

Pa chakudya, nzeru ya amai ya kugula ziwiri ikali kugwira nchito ngakhale pa bajeti yochepa. Kapu imodzi ya nyemba kapena kapenta yoikidwa pambali sabata iliyonse imadzaza chitini mwezi usanathe kawiri. Chibwabwa ndi kalembula zikatchipa m'nyengo ya mvula, zifutseni. Ngati yadi ndi ya mapeva, repu imamera m'saka lakale la unga lodzazidwa dothi ndi manyowa, ndipo madzi otsukira mpunga amaikwanira. Mbaula ikhalepo, koma isagone m'chipinda chotseka, chifukwa utsi wa malasha suoneka ndipo umapha anthu ali m'tulo. Kandulo isasiyidwe ndi ana. Kandalama kogwirika kakhale penapake m'nyumba, popeza tsiku limene netiweki yagwa ndalama ya mu foni siigula buledi. Ma NRC, makhadi a ku kiliniki ndi masatifiketi zikhale m'pulasitiki pamalo okwera, pamodzi ndi pepala la manambala ofunika olembedwa ndi bolopeni. Ndipo kawailesi ka mabatire kapena ka sola musakaseke. Tikunena monga anthu a pa wailesi, inde, koma mu September uja ndi iko kamene kanali kulankhula mafoni atazima.

Zonsezi ndi zosavuta kuzilemba. Chovuta ndi chija chachitatu, chifukwa sichigulidwa pa Makeni Mall. Pa mseu wathu, masiku amene madzi anasoweratu, nyumba imodzi yokhala ndi pampu ya sola inatulutsa paipi pansi pa geti, ndipo m'mawa uliwonse panali mzere wa zigubu. Ena a ife tinali titakhala moyandikana zaka zisanu osadziwana maina. Pa mzere umenewo ndi pamene tinadziwa kuti m'nyumba yapakona muli ambuya okhala okha amene sangathe kunyamula chigubu, ndi kuti anesi amakhala geti lachitatu kuchokera kwathu. Malaiti atayamba kubwerako, paipi inalowetsedwa mkati, mzere unatha, ndipo tinabwerera kuseri kwa mipanda yathu.

Mvula ikubwerayi isanayambe, tiyeni tichite zimene makolo athu anali kuchita osaganizira n'komwe. Tigogode pa mageti asanu oyandikana nafe. Tidziwe amene ali ndi galimoto yothamangira kuchipatala usiku, amene ali ndi sola, amene ali ndi wodwala kapena mwana wakhanda, ndi kumene madzi amadzera akasefukira. Tigwirizane tsiku lofukula ngalande. Ndipo ngati muli ndi amai, atate kapena ambuya amene anaima pa mzere wa ZCBC, khalani nawo pansi madzulo ano muwafunse mmene anali kuchitira. Ife tayamba kuwajambula mau pa wailesi, chifukwa chaka chilichonse akucheperachepera.